Ndiye nyumbayi ndi yanga kapena ayi?

Kalata yoyamba imene ndinalembera munthu nditangoyamba uloya inali ya masamba anayi, ndipo ndinkainyadira koopsa. Inanditengera masiku atatu. Munali milandu itatu ya ku England, magawo a malamulo ondondozana bwinobwino, ndi mawu awiri a Chilatini amene ndinachita kuwapendeketsa kuti azionekera patali. Mwini kalatayo anali mayi wina wamasiye, msinkhu wa amayi anga, amene alamu awo ankafuna kuwatulutsa m'nyumba ya ku Bangwe asanamete n'komwe maliro. Anabwera ku ofesi ndi mwana wawo wa Fomu 3 kuti aziwawerengera. Mnyamatayo anayamba mokweza, akupunthwa apa ndi apo, ndipo atafika pakati pa tsamba lachiwiri mayi aja anamugwira pamkono kuti asiye kaye. Anatembenukira kwa ine.

"Bwana loya, zoti sukulu munapita tamva ndithu. Ndiye nyumbayi ndi yanga kapena ayi?"

Ndinayasamula kuti ndiyankhe, mawu osabwera. Chichewa sichinandithawe ayi, poti ndi chimene ndinayamwira. Yankho lenilenilo ndi limene ndinalibe. Masiku atatu onse aja ndinkangolizungulira funsoli ngati galu amene wapeza nungu, ndipo Chingerezi chinandilola kutero popanda wondigwira.

Madzulo ake abwana anga, loya wachikulire amene sankakonda kutaya mawu, anaitenga kalata ija n'kuiwerenga chiimirire. Anatulutsa cholembera chofiira n'kuzunguliza chiganizo chimodzi kumunsi kwa tsamba lachinayi. "Apa ndi pamene unatsala pang'ono kunena kanthu," anatero. "Pita ukamufotokozere mesenjala nkhaniyi m'Chichewa. Akakumva, ubwere udzalembe." Ndinaona ngati akundinyoza. Ndinapitabe, poti abwana akanena anena, ndipo mesenjala uja anandifunsa mafunso atatu okha: nyumbayo ili m'dzina la ndani, malemuwo anasiya wilo kapena ayi, ndipo ana alipo angati. Awiri mwa mafunso amenewa kalata yanga sinawakhudze n'komwe.

Papita zaka zoposa khumi. Masiku ano mbali ina ya nthawi yanga imathera pophunzitsa kalembedwe ka zamalamulo, kwa achinyamata amene akukonzekera uloya komanso kwa maloya anzanga amene ali kale pantchito, ndipo njira imene ndimaidalira kuposa zonse ndi ya mesenjala yomweyo.

Tsiku loyamba ndimawapatsa nkhani yaifupi. Mlonda wagwira ntchito pakampani ina zaka 6. Usiku wina batire ya jenereta yasowa. M'mawa mwake abwana amuuza kuti avule yunifomu azipita, osamufunsa chilichonse. Ndimawakhazika awiriawiri, wina loya wina mlonda, n'kuwauza kuti loya ali ndi mphindi ziwiri zoti amuuze mlondayo pamene waima, koma asatchule liwu la Chingerezi ngakhale limodzi. Mlonda ali ndi ufulu wofunsa kuti "ndiye kuti chiyani?" paliponse pamene sanamve. M'kalasi mumayamba phwete. Wina amanyamuka bwino, "Bambo, nkhani yanuyi ndi ya…" n'kuima, chifukwa lilime lafika pa unfair dismissal ndipo kutsogolo kulibe mlatho. Wina amayesa kuzembetsa natural justice monong'ona, mlonda wake n'kumugwira pomwepo: "Ndiye kuti chiyani, bwana?" Amene amatuluka thukuta kwambiri nthawi zambiri ndi aja okhoza bwino mayeso. Gawo 57 la lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, amalidziwa pamtima, gawo 61 amalidziwanso, koma kuti zimenezo zisanduke mawu opita kwa munthu amene wakhala patsogolo pawo, pamavuta.

Kenako pamapezeka mmodzi woponda pamwala. Chaka china anali mtsikana wofatsa wokonda kukhala kumbuyo, amene anati: "Bambo, lamulo likuti abwana anu samayenera kukuchotsani popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanakupatseni mpata woti munene mbali yanu. Ku khoti la zantchito amene adzafunsidwe chifukwa chake ndi iwowo, osati inu. Akalephera kuchinena, khoti lidzati anakuchotsani mopanda chilungamo. Chimene sindingakulonjezeni lero ndi kuchuluka kwa ndalama." Ndinaimitsa kalasi yonse n'kumuuza kuti alembe zomwezo m'Chingerezi, osawonjezerapo kanthu. Zinatuluka ziganizo zinayi. Yankho linalimo, lamulo linalimo, amene ali ndi udindo wofotokozera khoti analimo, malire a zimene loya angalonjeze analimonso. Anzake ena anali atadzaza tsamba ndi theka asanamufike n'komwe mlondayo.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake njirayi imaphula kanthu, ndipo ndikuganiza kuti gwero lake ndi momwe ambirife tinachilandirira Chingerezi. Sitinachilandire ngati chiyankhulo chouzirana zinthu. Chinabwera ngati malaya opitira kutchalitchi. Kusukulu kwathu wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa kachikwangwani m'khosi mpaka atapeza mnzake womusiyira. Pa mayeso a MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, masamu ukhoze chotani. Ndiye mwana amakula akudziwa kuti liwu lalitali ndi malikisi, kuti wonena commence waposa wonena start. Mwana yemweyo akalowa sukulu ya zamalamulo n'kukumana ndi hereinafter, aforementioned ndi inter alia, amaona ngati wafika kumene ankapita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'Chichewa chinyengo chimenechi sichiyenda kutali, chifukwa ndi chiyankhulo chimene timanenererana mtengo wa tomato, ndipo womvera sachita manyazi kukuuza kuti sunanene kanthu.

Mabuku a kalembedwe ka zamalamulo amaphunzitsa ndondomeko imene amaitcha IRAC: tchula funso, tchula lamulo, ligwiritse ntchito pa zimene zachitika, gamula. Ndimaiphunzitsa, ndipo ndi yabwino. Koma ine ndinayamba kuiona ndili mwana, pansi pa mtengo wa mango pabwalo la amfumu kwathu, kumene agogo aamuna ankanditenga kuti ndiziwanyamulira kampando. Odandaula ankayamba kuyambira kubadwa kwa ng'ombe, oyankha n'kuyambira kubadwa kwa mwini ng'ombe. Onse akatha, nduna imodzi inkaimirira n'kunena kuti, "Tamva zambiri, koma nkhani ili apa ndi yakuti: kodi ng'ombe inalowa m'munda mpanda ulipo kapena utagwa kale?" Bwalo lonse linkati zii. Luso limenelo, losefa nkhani ya maola awiri mpaka patsale funso limodzi, ndi limene ndimavutika nalo chaka chonse kuti lilowe mwa anthu a madigiri. Ambiri analiona kwawo. Anangouzidwa penapake kuti za kumudzi sizilowa m'khoti la majaji ovala mawigi.

Amene amaganiza kuti izi ndi zocheza za m'kalasi ndimawakumbutsa za liwu limodzi limene linagwedeza dziko lino. Gawo 80(2) la malamulo aakulu a dziko linkati Pulezidenti azisankhidwa ndi "a majority of the electorate". Chiganizo chooneka chosalakwa. Koma tayesani kuchinena m'Chichewa. Mukangoti "anthu ambiri", womvera akufunsani kuti ambiri kuposa ndani, ndipo mukakamizika kusankha: wopambana ndi amene waposa anzake, kapena amene wapeza mavoti oposa theka? Chingerezi chinalola kukhala pakati, ndipo makhoti anayankha funsoli kawiri, mayankho osiyana. Mu 2000, pa mlandu umene a Gwanda Chakuamba anapita nawo ku khoti pambuyo pa chisankho cha 1999, Supreme Court inati kuposa anzako n'kokwanira. Patatha zaka 20, pa 3 Febuluwale 2020, pa mlandu wa chisankho cha 2019, majaji asanu a High Court, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, anati ayi, pamafunika oposa theka, ndipo pa 8 Meyi chaka chomwecho Supreme Court inagwirizana nawo. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 amene analengezedwa kuti wapambana anali ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse. Taonani kulemera kwa liwu limodzi limene olemba ake analisiya osalimanga.

Tsiku la chigamulo lija ndimalikumbukiranso chinthu china. Chigamulocho chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo chinawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada, dziko lonse makutu ali pa wailesi. M'minibasi, m'masaluni, pa maokala, funso linali lofanana ndi la mayi a ku Bangwe aja: ndiye akuti chiyani? Pofika mawa lake anthu anali atachifupikitsa okha: tipekisi, fifite pulasi wani, masiku 150. Sindikunena kuti majajiwo akanalemba tsamba limodzi. Mlandu wa umboni wochuluka chotero umafuna masamba ake. Chimene ndimawauza ophunzira n'chakuti wolemba akapanda kunena yekha mwachidule chimene akutanthauza, ena adzamufupikitsira, iye kulibe.

Ndimawapatsanso vakabu. Aliyense amene anakulira m'tauni amalidziwa liwuli ndi liwiro limene linkabwera nalo. Linachokera ku rogue and vagabond, gawo 184 la Penal Code imene anatisiyira atsamunda. Ndime imodzi ya gawolo inkati munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena alionse pa nthawi ndi m'njira yopangitsa kuganiza kuti ali pamenepo ndi cholinga choipa, walakwa. Nthawi yanji? Kuganiza kwa ndani? Lamulo silinanene, ndiye wapolisi aliyense ankadzaza yekha mpatawo. A Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, anagwidwa mu 2015 kusanache akupita ku Limbe ndi malonda awo, ndipo mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti ndimeyo ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndimawauza ophunzira kuti ailembenso ndimeyi momveka bwino, wapolisi ndi wavenda aimve chimodzimodzi. Amalimbana nayo theka la ola, kenako amazindikira kuti siilembeka. Ukangoyesa kutchula mwatchutchutchu chimene munthuyo walakwa, umapeza kuti wangoyenda usiku ali wosauka.

Komabe nthawi yanga yambiri sithera pa zigamulo zotchuka. Imathera pa kapepala kamene loya aliyense amalemba mlungu ndi mlungu: umboni wolumbirira, umene malamulo a 2017 a kayendetsedwe ka milandu ku High Court amautcha sworn statement m'malo mwa affidavit. Apa ndi pamene loya wa kuno kwathu amagwira ntchito imene mabuku a ku London saitchula, ntchito yomasulira. Munthu amakuuza nkhani yake m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena, iwe n'kuilemba m'Chingerezi, iye n'kusaina kapena kudinda chala kuti amenewa ndi mawu ake. Kuchoka pakamwa pake kufika pa pepala lako, zambiri zimagwera m'njira.

Wina akati "anandibwereka njinga", mwini njinga ndi ndani? Liwu lomwelo limayenda mbali zonse ziwiri, ndipo ukapanda kufunsa ukhoza kumusandutsa wodandaula kukhala wangongole. Akati "achimwene anga", kodi ndi a bere limodzi, mwana wa bambo aang'ono, kapena mnzawo wa mu kwaya? Akati "ndinamupatsa ndalamazo dzana", musathamangire kuwerengera masiku awiri, dzana la agogo likhoza kukhala mwezi watha. "Anandilanda" ndi "anatenga" n'zosiyana, ndipo loya waulesi akalemba took pa zonse ziwiri wataya theka la mlandu asanalowe m'khoti. Koma kamene kamandiopsa kwambiri ndi ka "ngo". Mayi akuti, "Ndinangosaina." M'kaphatikizo kameneka muli nkhani yonse: mantha, kutopa, alamu atatu ataima pakhomo, kusowa pogwira. Loya alemba I signed the document, zonse zija n'kufera pomwepo. Tsiku la mlandu loya wa mbali inayo amaimirira n'kufunsa kudzera mwa womasulira, "Kodi si inu munalumbira kuti munasaina pepalali?" Mayi amayamba kufotokoza zimene sizili m'chikalata chawo, n'kuoneka ngati akupeka pomwepo, pamene amene anapotoza nkhani wakhala chete pambali pawo atavala mkanjo wakuda.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu woimbidwa mlandu ufulu woti mlandu wake uzengedwe m'chiyankhulo chimene akumva, apo ayi amumasulire, boma likulipira. Amene anakhalapo m'khoti la majisitireti amadziwa kuti "ndamva" sikutanthauza "ndavomera", ndiponso kuti "ndinatengadi, koma…" sikuvomera mlandu kufikira utamva zimene zili kuseri kwa "koma". Pa zikalata za mu ofesi palibe jaji woyang'anira zimenezi, tili tokha ndi kasitomala. Choncho lamulo langa m'kalasi ndi limodzi: munthu asanasaine, muwerengereni chikalatacho m'chiyankhulo chake, ndime ndi ndime, ndipo musafulumire. Dikirani "ayi, sindinanene choncho". Akapanda kukutsutsani ngakhale pamodzi, kawirikawiri ndiye kuti sakumvetsera, akungokulemekezani.

Wilo ndiye ina. Bambo akuti, "Katundu wanga apite kwa ana anga onse." Mukalemba all my children mwamaliza? Kwathu kuno mwana wa mchimwene wako ndi mwana wako, amene unamulipirira fizi kuyambira Sitandade 1 ndi mwana wako, ndipo nthawi zina kuli wina ku Mzuzu amene mayi a kunyumba sakumudziwa. Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, koma siingakufunsireni mafunso amenewa. Ndimawauza kuti atchule mayina, mmodzimmodzi, ndipo afunse mpaka mkuluyo ayang'ane pansi. Achinyamata amaona ngati ndi mwano kufunsa munthu wamsinkhu wa bambo awo kuti, "Kodi alipo ena, bambo?" Ndimawayeseza kunena chiganizo chimenechi mokweza, mwaulemu, mpaka chiwazolowere, chifukwa akapanda kufunsa iwo adzafunsana okhaokha ana pasiwa.

Ophunzira amasintha msanga, poti alibe zambiri zoti ataye. Maloya okhazikika ndiye mtunda. Ena amabwera ndi mtima wonse, ena amangofuna mapointi a maphunziro opitiriza, foni ili m'manja akuyankha makasitomala pa WhatsApp. Ndi iwowa ndimayenda mosamala, chifukwa ena anayamba kuima m'khoti ine ndikuvala kabudula wa ku pulayimale. Sindiwapatsa nkhani ya mlonda. Ndimawapempha kuti aliyense abwere ndi chikalata chake chimodzi, mayina atafufuta. Ofesi iliyonse ili ndi foda pa kompyuta mmene muli zikalata zakale zokopera, ndipo zina mwa izo palibe amene akudziwa kumene zinachokera. Ndinaonapo mgwirizano wa lendi wolamula wobwereka nyumba kuti azisesa chumuni ndi kusamalira zotenthetsera m'nyumba nyengo yachisanu, nyumbayo ili ku Nchalo. Tinaseka tonse, koma ine sindinaseke kwambiri, chifukwa ndinaperekapo ku khoti chikalata chimene pa tsamba 7 panatsalira dzina la kasitomala wina wa mlandu wina. Jaji anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Tsiku lina loya wina wamkulu anandiimitsa pakati. "Achimwene," anatero, "mawu akalewa anayesedwa m'makhoti zaka mazana. Mukayamba kuwasintha mukutsegula khomo la mikangano yatsopano, ndipo amene adzalipire ndi kasitomala wanga, osati inu." Ali ndi mfundo, ndipo sindinawatsutse pa zonse. Alipo mawu amene ndi zida zenizeni za ntchito yathu, monga consideration, estoppel ndi without prejudice. Amenewa makhoti anawasula, ali ndi tanthauzo lodziwika, ndipo kuwathawa n'kudzibaya wekha. Kungoti ndi ochepa kuposa momwe timaganizira. Nanga null and void and of no effect whatsoever akutiuza chiyani chimene void payekha sakunena? Nanga give, devise and bequeath? Chizolowezi chounjika mawu chotere chinakula ku England m'zaka zimene malamulo awo ankayenda m'Chifalansa, m'Chilatini ndi m'Chingerezi, Anormani atalanda dzikolo mu 1066. Ife tikusenzabe katundu ameneyu pamene eni ake anayamba kale kutula. Mu 1999 England inasiya kumutcha wodandaula plaintiff n'kuyamba kunena claimant, ife tinatsatira mu 2017. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imachita kulamula kuti zikalata zopita kwa ogula zilembedwe m'mawu osavuta kumva. Mkulu uja anagwedeza mutu, sindikudziwa ngati kunali kuvomera. Koma chaka chotsatira anatumiza achinyamata awiri a mu ofesi mwake.

Pa mapangano ndimangowapatsa mafunso anayi oti afunse ndime iliyonse: ndani, achite chiyani, pofika liti, ndipo akapanda kutero chichitike n'chiyani. Payment shall be made promptly imagwa pa funso loyamba lomwe, chifukwa siikutchula wolipira, ndipo promptly ya landilodi si promptly ya wobwereka nyumba. Akayamba kuona ngati ndikulimbana ndi tizinthu tosapindulitsa, ndimawauza za madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy ku Maine, m'dziko la America, amene mu 2017 anapambana apilo ya malipiro a ovataimu chifukwa m'lamulo munasowa mpatuliro umodzi. Kampaniyo inadzavomera kulipira madola 5 miliyoni. Akamva za ndalama amakhala tsonga.

Tsopano kwabweranso makina a pa intaneti olembera anthu zinthu, ChatGPT ndi anzake. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, chifukwa anapereka milandu imene kulibe, yopekedwa ndi makina, osaifufuza. Ine sindiletsa ophunzira kugwiritsa ntchito zimenezi, poti ngakhale nditaletsa sangasiye. Ndimangowauza kuti mlandu uliwonse umene autchula akhale atautsegula okha, pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga zigamulo za makhoti athu, kapena m'mabuku a zigamulo, n'kuuwerenga. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makinawa amalemba Chingerezi chosalala ngati cha kalata yanga ya masamba anayi ija, chimene munthu ukhoza kuchipereka osadziwa kuti ulibe yankho. Ndikakayikira ntchito ya wina sindichita kufufuza kuti walemba ndi ndani. Ndimamuitana, titseke laputopu, n'kumuuza kuti, "Tandiuza m'Chichewa, kasitomala wako wapambana kapena waluza, ndipo chifukwa chiyani?" Mphindi imodzi imakwana.

Ndisaname, njirayi ili ndi polekera. Mnyamata wina wa ku Rumphi anandifunsa mosabisa mawu kuti, "Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani chikhale Chichewa?" Ananena zoona, ndipo kuyambira pamenepo ndimati aliyense agwiritse ntchito chiyankhulo chimene amakanganira kwawo, bola apeze mnzake wochimva. Alipo ena amene anakulira m'Chingerezi kuyambira ku mkaka, amene Chichewa chawo n'cha kumsika kokha. Iwowa ndimawauza kuti afotokozere mwana wa zaka khumi ndi ziwiri. Ndiponso kufotokoza bwino pakamwa ndi chiyambi chabe. Mfundo zopita kwa jaji zimafunabe kusanja milandu, kuyankha mfundo yamphamvu ya mbali inayo m'malo moibisa, ndi kudula ndime imene waikonda koma sikuthandiza. Zimenezi sizilowa pa semina ya tsiku limodzi yokhala ndi tiyi ndi masamusa. Zimalowa munthu akalemba, wina n'kumuchongera, n'kulembanso, kachitatu. Kuchonga koteroko kumadya Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ambiri timakonda kuphunzitsa malamulo enieniwo n'kusiya kalembedwe kuti munthu akadzionere yekha kuntchito.

Mayi a ku Bangwe aja ndinawalembera kalata yachiwiri, theka la tsamba, ndipo abwana anga anandilola kuti ndiilembe m'Chichewa. Inati: "Mayi, nyumbayi si yanu nokha, komanso si ya alamu anu. Popeza bambo sanasiye wilo, lamulo likuti katundu wawo athandize inu ndi ana, pamodzi ndi ena amene ankadalira iwo. Musatuluke. Musasaine pepala lililonse. Akabweranso auzeni kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mundiimbire. Lachiwiri tidzayambe kupempha ku khoti makalata oyendetsera chuma cha malemu." Mwana wawo anaiwerenga kamodzi osapunthwa. Mayiwo anamuuza kuti abwereze pamene pakuti musatuluke, kenako anaipinda kanayi n'kuimangirira pakona ya chitenje.

Ya masamba anayi ija ndikadali nayo. Chaka chilichonse, maphunziro akafika pakati, ndimaijambulitsa mayina nditafufuta n'kuigawa m'kalasi osanena amene analemba. Amaikhadzula mopanda chisoni. Wina amawerenga mawu a m'chiganizo chachitali kwambiri n'kupeza 84. Wina amafunsa kuti milandu ya ku England ikufuna chiyani ku Bangwe. Chaka chatha mtsikana wina anaiwerenga mwakachetechete mpaka kumapeto, n'kuimika dzanja.

"Aphunzitsi, amene analemba izi ndikuona ngati yankho sankalidziwa. Anangochita mantha kunena."

Ndinamuuza kuti alembe zimenezo pabolodi, ndipo ndinapita kukatsegula mawindo, poti m'kalasimo munayamba kutentha.